Njanji Yopanda Anthu ndi Nkhokwe Yopanda Chimanga

Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Agogo a ku Makhanga, ku Bangula ndi kwa Tengani akamadandaula kuti kulira kwa sitima sikumvekanso m'chigwa cha Shire, adzukulu ena amayesa ndi chisoni chabe cha ukalamba. Komatu dandaulo limeneli lili ndi mutu wake.

Njanji ya m'dziko muno idabadwira ku Nsanje, komwe kale kunkatchedwa Port Herald. Madzi a mu Shire atayamba kuchepa, sitima za pamadzi zidayamba kutitimira mumchenga, ndipo atsamunda adamanga njanji yodzera ku Chiromo, kutsata mtsinje wa Ruo, mpaka kukafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Mlatho wa Dona Ana pa Zambezi utatsegulidwa mu 1935, munthu ankatha kuchoka ku Limbe n'kukafika ku Beira osakwera bwato. Nsanje idali khomo la dziko lonse.

Ulendo wa pa sitima udali ndi mwambo wake. Wapaulendo ankatsazika abale tsiku lisanafike, amayi n'kumukonzera kamba wa mbatata, mtedza ndi nsomba yowamba. Pa siteshoni ankalawirira, n'kuima pamzere wa pa windo, ndalama ili pamfundo ya nsalu. Akalandira tikiti ankaisunga ngati diso, pakuti woyendera matikiti sankamvera nkhani ya "yatayika". Katundu wolemera ankamuyeza pasikelo n'kumulipirira padera. Sitima ikachedwa, anthu ankayala zitenje n'kumacheza, podziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. M'bogi, Msena, Mmang'anja ndi Mlomwe ankadyera limodzi, ndipo mnyamata wokhala pampando nkhalamba ili chiimire ankadzudzulidwa ndi aliyense, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa Sankhulani, pa Thekerani, pa Sandama ndi pa Luchenza, amayi ankagulitsa nthochi ndi nzimbe kudzera m'mazenera, ndipo ndalama imeneyo ndiyo inkalipira sukulu ya ana.

Zonsezi zidatha pang'onopang'ono. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique idatseka njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980. Mu 1997 madzi osefukira adakokolola njanji pa Chiromo, malo amene anthu amati pa Mtayamoyo, ndipo Bangula ndi Nsanje zidadulidwa. Sitima ya anthu yochokera ku Limbe idayamba kuthera pa Makhanga. Kampani ya Central East African Railways, yomwe idatenga njanji mu 1999, idapitiriza ulendo umenewu kufikira chigumula cha mu Januwale 2015 chidaononga njanjiyo. Namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 adangothira mchere pachilonda.

M'chaka cha 2022 idayamba ntchito yokonzanso njanji ya makilomita 72 kuchokera pa Marka, m'malire a Mozambique, kufika pa Bangula. Imeneyi ndi nkhani yokoma. Koma zolankhula zambiri zakhala za mafuta, feteleza ndi shuga, pomwe za windo logulitsira matikiti sizimveka kwenikweni. Apa ndiye pagona nkhani. Njanji ikamangonyamula katundu wa amalonda akuluakulu, mwini mudzi n'kumangoyang'ana mabogi akudutsa pakhomo pake, ndiye kuti alendo adya, mwini nyumba wagona ndi njala.

Ena amati sitima ya anthu siibweretsa phindu, ndipo minibasi za pamsewu wa tala wodzera ku Chikwawa ndi ku Nchalo zimafika msanga. N'zoona kuti minibasi imathamanga. Koma msewu umenewo uli kumadzulo kwa Shire. Munthu wa ku Makhanga kapena kwa Mlolo, kum'mawa kwa mtsinje, nyengo ya dzinja amadalira bwato ndi kabaza, ndipo mtengo wa ulendo umakwera limodzi ndi madzi. Mlimi wa matumba asanu a mpunga kapena nandolo sangawalowetse mu minibasi osalipira ndalama yomeza phindu lake lonse. Wodwala wopita ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre amafuna pokhala potakasuka. Phindu la sitima ya anthu siliwerengedwa pa windo pokha. Limaonekanso mumsika wa pa siteshoni, m'kalasi ndi m'chipatala.

Tsono omanga njanji akumbukire kuti madzi saiwala khwawa. Ruo ndi Shire zidasonyeza kale pomwe zimadutsa zikakwiya. Mafumu ndi nkhalamba za kumeneko zimadziwa pomwe madzi adafika chaka ndi chaka, ndipo safunsa adadya phula. Njanji iyenera kukwezedwa, milatho italikitsidwe, ndipo malo oduka pa Chiromo alumikizidwe, kuti Bangula ndi Makhanga zionanenso. Popanda kutero, sitima yochokera ku Beira idzathera panjira ngati mlendo wopeza khomo lotseka.

Adzukulu a m'chigwachi, amene ambiri sadagwirepo tikiti ya sitima, ndiwo eni nkhaniyi. Phungu akabwera kudzachititsa msonkhano, funso likhale lomveka bwino: kodi mabogi a anthu adzakhalapo, ndipo adzaima pa masiteshoni ati? Mwana wosalira adafera pamsana.