Sitima ya malasha usiku, nafenso tikwereko

Inu amene mukuwerenga nkhani ino mutafinyana anayi pa mpando wa anthu atatu, 18 hours yakwana koma basi ikali pa Kafue Roundabout, tiyeni tichokemo mu jamu pang'ono. Tipite ku Livingstone.

Kumeneko kukali sitima ya malasha imene imayenda madzulo. Imanyamuka dzuwa lisanalowe, imakaima pa ulalo wa ku Mosi-oa-Tunya uja anaumaliza mu 1905, ndiye imabwerera kutada, alendo akudya mkati. Ine sindinakwere. Ndinaima chabe m'mbali mwa njanji pamodzi ndi ana a m'komboni, mwezi wa June, mphepo ikuluma makutu. Koma mpaka lero ndikali kuikumbuka.

Masana, sitima ya malasha ni chitsulo chakuda chabe chotulutsa utsi. Usiku m'pamene umaiona bwino. Woponya malasha akatsegula kachitseko ka ng'anjo, nkhope yake ndi ya dalaiva zimafiira, ndipo kuwalako kumafika mpaka pa utsi wa pamwamba. Motowo umawiritsa madzi, nthunzi imakankha mapisitoni, mikono yachitsulo n'kuzunguza mawilo. Nthunzi yagwira ntchito ija imathawira ku chumuni ndipo pothawa imakoka mpweya kudutsa pa moto. Ndiye chifukwa chake ukamva "chu! chu!" moto nawo umakolera, tumalasha tofiira n'kumauluka mumdima. Kukazizira nthunzi imayera ngati thonje pa nyali yakutsogolo. Nanga likhweru lake! Umalimva m'chifuwa sitima isanaoneke n'komwe. Kamwana kena kanandigwira dzanja, kakuopa koma sikafuna kuthawa.

Ndidziwa ena mwayamba kale: "Imwe ba wolemba, unga wadula, malaiti ayenda, manje mutiuza za sitima ya bazungu?" Funso labwino. Koma ya azungu bwanji? Anakumba njira ya njanji ndani? Ananyamula mitanda ndani? Anagwetsa mitengo ya mukusi ku Mulobezi, kukweza malasha ndi kukokola phulusa ndani? Ni azigogo athu, amene pokwera anali kuwaika m'kalasi yomaliza ya mabenchi. Lusaka yeniyeniyi inayamba mu 1905 ngati poima sitima, pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka. Njanji inafika ku Kabwe mu 1906. Cairo Road imayenda motsatana ndi njanji chifukwa tauni inamera pambali pake. Tonse a mumzinda uno ndife ana a sitima, ngakhale amene sanaikwerepo.

Ndipo si kale kwambiri pamene anthu wamba anali kupita ku ntchito pa njanji. Akuluakulu akumbuka Njanji Commuter ya m'zaka za m'ma 1990, yochoka ku Chilenje kudutsa m'tauni kupita cha ku Matero. Sinali ya malasha, koma inali yathu. Lero mwana wa ku Chawama amadziwa mawu a kondakita aliyense, koma likhweru la sitima ya nthunzi sanalimvepo.

Ulendo wa usiku uja anaukonzera alendo, ndipo mtengo wake si wa thumba la munthu amene amawerenga makoini a basi m'mawa. Sindikunena kuti eni ake alakwa. Malasha ni ndalama, masipeya a injini za zaka pafupifupi 100 sagulitsa ku Soweto Market, ndipo popanda madola a alendo mwina injinizo zikanagona kale. Pempho langa ni laling'ono. Aboma oona za ntchito zokopa alendo, a njanji ndi oyendetsa sitimayo akhale pansi atipatseko usiku umodzi pa mwezi, kapena pa 24 October chabe. Mtengo ukhale wa makwacha kwa aliyense woonetsa reji. Zakudya za mafoloko asiye, tidzanyamula vitumbuwa ndi chikanda. Ana a sukulu akhale oyamba. Nayo Railway Museum ya ku Livingstone, kumene kwaima injini zakale za kampani yocheka matabwa, itsegule madzulo ena anthu akaone.

Chifukwa chake ni ichi: chinthu chimene munthu sanachikonde sachisamala. Amene amamasula zitsulo za njanji kukagulitsa ku sikirapu amaona makilo chabe. Amakanika odziwa kukonza boila nawo akukalamba, ndipo wachinyamata sangaphunzire ntchito ya makina amene amangowaonera kuseri kwa waya. Alendo amabwera n'kupita. Ngati eni dziko sitiikonda sitimayi, tsiku lina moto udzazima ndipo sipadzapezeka woukolezanso.

Mukapita ku Livingstone, kaimeni patali ndi njanji, mugwire ana dzanja, muyembekeze mdima. Manje kwezani mutu, basi yayamba kuyenda. Osaiwala chenji kwa kondakita.