LUSO NDI NCHITO: Citenge Calowa mu Kompyuta

Munthu woyendera msika wa Chisokone mu Kitwe, kapena wa Masala mu Ndola, amaona zitenge za mitundumitundu zitapacikidwa m'mizere, atelala ali kalikiliki pa makina ao. Koma masiku ano kwabuka utelala wina wosalira singano kapena ulusi. Umenewu ndiwo wopanga zobvala za zifanizo za anthu za mu kompyuta, zochedwa avatar, zimene munthu amadzisankhira kuti zimuimirire m'masewera a pa intaneti.

Ena angayese kuti izi n'zacibwana, komatu muli malonda. M'masewera monga Second Life, amene anayamba m'caka ca 2003, ndi Roblox, amene anatulutsidwa m'caka ca 2006, anthu amatulutsa ndalama zenizeni kugulira zifanizo zao malaya ndi madiresi, ndipo wolemba cobvalaco amalandirapo gawo lace.

Nkhani imeneyi iyenera kukhudza anthu a kumigodi koposa onse. Kale Ndola unali mzinda wa nsalu, wokhala ndi mafakitale monga Swarp Spinning Mills ndi Mukuba Textiles, pamene ku Kabwe kunali Mulungushi Textiles imene inatsegulidwa m'caka ca 1982 ndi thandizo la dziko la China. Malonda ndi maiko akunja atamasulidwa pambuyo pa caka ca 1991, salaula ndi nsalu zochipa zakunja zinadzaza m'misika, mafakitale ambiri natsekedwa. Wa Mulungushi unaima m'caka ca 2007. Nchito zinatha, koma diso lodziwa nsalu yabwino silinathe, ndipo ndilo cuma cacikulu pa luso latsopanoli.

Zipangizo zace si zambiri ai: kompyuta, foni yojambula bwino, ndi pulogalamu yokonzera zithunzi, monga Photoshop yolipira kapena GIMP yaulere. Mmisiri amayamba wasita nsalu ndi kuiyala pamalo osalala, naijambula pamthunzi, pakuti dzuwa lowala limasukulutsa mitundu ndi kusiya zithunzithunzi zosafunika.

Bvuto loyamba ndi la msoko. Kacithunzi kamodzi kamabwerezedwa kambirimbiri kuti kakwane cobvala conse, ndipo ngati mbali zace sizigwirizana, pamaoneka mizere ngati ya njerwa. Cotero mmisiri amasuntha cithunzico kuti m'mphepete mubwere pakati, kenaka nafafaniza msokowo pang'onopang'ono, monga momwe telala waluso amakumanitsira maluwa a citenge pamsana pa diresi.

Laciwiri ndi la ulusi. Nsalu ya thonje ili ndi ulusi woimirira ndi wopingasa wolukanalukana, ndipo cithunzi copanda ulusiwu cimaoneka ngati pepala lopakidwa utoto. Mmisiri amasanjika timizere tating'ono totuwa pamwamba pa maluwa, tosaonekera kwambiri. Ayeneranso kukumbukira kuti thonje silinyezimira ngati silika; akacurutsa kuwala, citenge cimasanduka pulasitiki.

Lacitatu ndi la makwinya, ndipo apa ndi pamene mmisiri weniweni amadziwikira. Nsalu imakwinyika m'khwapa, pacigongono ndi m'ciuno pamene mai wamanga mfundo. Kulikonse kumene kuli khwinya kuyenera kukhala mbali yoderako ndi mbali yowalako, ndipo duwa la pansalu liyenera kupindika motsata khwinyalo. Ngakhale timing'alu ta utoto timene timaoneka pa zitenge za wakisi sitiyenera kufufutidwa, pakuti nsalu yosalala mopitirira muyeso diso siliikhulupirira. Zonsezi ziyenera kukwana pamalo ocepa: cikombole ca malaya wamba a mu Roblox n'ca timadontho 585 m'lifupi ndi 559 m'litali basi. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali cenjezo limodzi lofunika. Maluwa a pa citenge ca mumsika ali ndi mwini wace, ndiye fakitale kapena mmisiri amene anawalemba. Kuwajambula ndi kuwagulitsa ngati ako kungadzetse mlandu. Wanzeru amaphunzira ulusi ndi makwinya pa nsalu yogula, koma maluwa amalemba ace. M'dziko muno bungwe la PACRA ndilo limalembetsa mapangidwe a zinthu, kuti mwini wace atetezedwe ndi lamulo.

Kuti Azambia angathe kuonetsa za kwao pamaso pa dziko lonse, umboni ulipo kale. M'caka ca 2023 Netflix inaonetsa katuni yochedwa Supa Team 4, yoyambitsidwa ndi Malenga Mulendema, imene nkhani yace icitikira mu Lusaka.

Acinyamata a ku Copperbelt University mu Kitwe, a ku Northern Technical College mu Ndola, ndi ena onse otsiriza sukulu, acite bwino kukhala pansi ndi atelala a m'misika ndi kufunsa za kadulidwe ndi kagwedwe ka nsalu. Makolo naonso asafulumire kudzudzula mwana woyang'anitsitsa citenge ca amai ace pa kompyuta. Ana a dziko lino akalekerera luso limeneli, ena akutali adzalemba citenge m'malo mwao, ndipo phindu lace lidzapita komweko.