Thumba la mkombaphala ligulidwe soya akadali wotchipa

Zokolola zikangoyamba kulowa, sikelo zimapachikidwa paliponse pa Nambuma, ndipo aliyense amene ali ndi kampamba amathamangira soya ndi mtedza. Geni ndi imeneyo. Koma pali malo amodzi amene amalonda timawaiwala chaka ndi chaka: sukulu ya mkombaphala, komwe timasiya ana m'mawa tisanakayale malonda.

Sukulu zimenezi, zomwe a boma amati ma CBCC, zimayendetsedwa ndi mudzi. Alezi ambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ndipo phala limachokera m'munda wa komiti ndi zopereka za makolo. Phala likatha, ana amasiya kupita. Akasiya, mayi wogulitsa tomato kapena mandasi amayamba kubwera kumsika ndi mwana wazaka zitatu, diso limodzi pa kasitomala, lina pamsewu, kapena amangokhala pakhomo malonda n'kuima. Choncho munda wa mkombaphala ndi nkhani ya ife amalonda. Tisausiyire amfumu ndi alezi okha.

Vuto la minda yambiri yotere ndi loti imadzalidwa chimanga chokha, ndipo phala la mgaiwa wokhawokha limangodzaza mimba. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Dera lolima soya ndi mtedza ngati lathu lino siliyenera kusowa chothira m'phala la ana.

Masamu ake ndi osavuta. Ufa wonga wa Likuni Phala umapangidwa posakaniza magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga. Mavenda 10, aliyense ataikapo makilogalamu 5, thumba la makilogalamu 50 ladzadza, ndipo lokhalo likwanira matumba 4 a chimanga cha m'munda wa sukulu. Nthawi yochitira zimenezi ndi ya kukolola, kuyambira April mpaka June, mitengo ili pansi. Mukadikira January kapena February, komiti ikamayenda khomo ndi khomo kupempha, mtengo umakhala utakwera ndipo inunso m'thumba mwauma. Chimangacho chisungidwe m'matumba a PICS, osafuna mankhwala aja, poti ndi chakudya cha ana.

Apa ndinene mosabisa. Tisapereke ku sukulu mtedza umene wakanidwa pa sikelo. Wonyala, wosweka ndi wachuku uja amalonda ena amauona ngati chopereka chabwino poti sugulika. Chuku chimenecho chimakhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa. Ngati wabwino mulibe, ndi bwino kupereka mchere.

M'chilimwe ntchito imasamukira kudimba. Mabedi angapo a mpiru, bonongwe ndi nkhwani, komanso mizere ya mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere kapena Chipika, zimasintha mbale ya mwana. Mbatatayi ili ndi vitamini A, ndipo masamba ake ndi kholowa. Makolo azisinthana masiku othirira, ana okulirapo n'kumatsatira ndi tizitini tawo. Chofunika kuyambira ndi mpanda, chifukwa mbuzi zikamasulidwa anthu atakolola, dimba lopanda mpanda silichedwa.

Ena ogulitsa masamba amadandaula kuti dimba la sukulu liwalanda msika. Ine sindikuona choncho. Dimba lotere ndi laling'ono, ndipo likachulutsa masamba limasanduka malo oodako apafupi, opanda ndalama ya kabaza. Kagulani zotsalazo pa mtengo weniweni wa tsikulo, osawapondereza poti ndi a komiti sadziwa msika. Ndalama imeneyo ndiyo imalipira kuchigayo n'kugula shuga ndi sopo wosambitsira ana m'manja.

Musanapereke thumba, pemphani zinthu ziwiri: kabuku kolemba zolowa ndi zotuluka, komanso kuti makiyi a mosungiramo asakhale ndi munthu mmodzi. Ife timadziwa kuwerenga katundu kuposa ambiri m'mudzi, ndiye mmodzi wa ife alowe m'komitimo, aziyeza ufa pa sikelo Lolemba lililonse asanapite kumsika.