Mutu Umodzi Susenza Denga, Koma Aliyense Ali ndi Pake Pogwira

Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, ndipo mwambi umenewu umatchulidwa kawirikawiri polimbikitsa mgwirizano, koma amene adaonapo denga la nkhokwe likukwezedwa amadziwa kuti osenzawo saunjikana mbali imodzi, pakuti aliyense amaima pake, apo ayi dengalo limapendekeka n'kugwa. Nzeru yomweyi iyenera kutsogolera nkhani imene imaoneka yaing'ono koma imautsa mapiri pachigwa m'maparishi a Mpingo wa Katolika, ya malo amene akhristu eni ake, kutanthauza obatizidwa amene sadalandire sakramenti la Ukulu, ayenera kukhala akamatumikira pa mwambo wa mapemphero.

Msonkhano waukulu wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata chake cha za chipembedzo chotchedwa Sacrosanctum Concilium cha m'chaka cha 1963, udaphunzitsa pa ndime 28 kuti munthu aliyense pa mwambo achite ntchito yonse imene ili yake, koma yokhayo, ndipo pa ndime yotsatira udavomereza kuti otumikira ku guwa, owerenga Mawu ndi a kwaya akugwira utumiki weniweni. Malangizo a m'buku la Misa a m'chaka cha 2002, otchedwa Institutio Generalis Missalis Romani, adaitengera mfundoyi ku mipando. Ndime 310 imanena kuti mpando wa wansembe uonetse udindo wake wotsogolera msonkhano ndi pemphero, koma usafanane ndi mpando wachifumu, kuti wa dikoni ukhale pafupi nawo, ndi kuti mipando ya otumikira ena ikonzedwe mwakuti isiyane moonekeratu ndi ya odzozedwa, komanso iwathandize kugwira ntchito yawo mosavuta. Zinthu ziwiri zimenezi, kusiyana ndi kufewetsa ntchito, zidalembedwa pamodzi, ndipo vuto limayamba pamene parishi yagwira chimodzi n'kutaya chinzake.

Zikatsatidwa zonse ziwiri, mafunso ambiri amadziyankha okha. Ana otumikira ku guwa ayenera kukhala m'malo opatulika, ndiko kuti chigawo cha tchalitchi chimene muli guwa, gome lowerengerapo Mawu ndi mpando wa wansembe, chifukwa buku, madzi, vinyo ndi lubani zimafunika msanga, koma benchi lawo likhale cha pambali, pafupi ndi katebulo ka ziwiya, m'malo mowakhazika uku ndi uku kwa wansembe pa mipando yofanana ndi yake ngati kuti nawonso akutsogolera nsembeyo. Wowerenga Mawu amene walowa nawo m'mdipiti amapatsidwa malo pamodzi ndi otumikira anzake, ngakhale kuti m'matchalitchi ambiri amakhala kutsogolo pakati pa anthu n'kunyamuka nthawi yake ikakwana, zimenenso zili ndi phindu lake, poti zimaonetsa kuti wowerengayo ndi mmodzi mwa omvera. Othandiza kugawa Ukaristia, amene ndime 162 imawauza kuti asayandikire ku guwa wansembe asanalandire, alibe chifukwa chokhalira pambali pake Misa yonse. A kwaya nawo malo awo aonetse kuti iwo ndi gawo la mpingo umene wasonkhanawo.

Pamene nkhaniyi imalemera kwambiri ndi ku nthambi za maparishi akuluakulu a kumidzi, monga zilili m'Malawi ndi m'Zambia, kumene wansembe safika Lamulungu lililonse ndipo mapemphero amatsogoleredwa ndi katekisiti kapena mkhristu wina wosankhidwa. Malangizo amene likulu la Mpingo ku Rome lidatulutsa mu 1988 okhudza mapemphero a Lamulungu opanda wansembe amanena kuti mkhristu wotsogolera asakhale pa mpando wa wansembe, koma amukonzere wina kunja kwa malo opatulika, kuti atsogolere monga mmodzi mwa abale ake, osagwiritsa ntchito malonje amene adasungidwira odzozedwa, ndi kuti guwa ligwire ntchito yongoikapo Ukaristia isanagawidwe. Dikoni yekha ndiye amaloledwa kukhala pa mpandowo. Cholinga chake n'chakuti anthu asasokoneze mapemphero ameneŵa ndi nsembe ya Misa, ndipo mpando wopanda munthuwo umanena zoona zimene mpingo suyenera kuzizolowera: kuti pano pakusowa wansembe, kuti Misa sinachitike, ndi kuti nthambiyi ndi ya parishi ndi dayosizi, siidziimira payokha. Mpandowo ukadzazidwa Lamulungu lililonse, ana amakula akuganiza kuti palibe chimene chikusowa, ndipo njala ya Misa, imene imachititsa akhristu kupempherera mayitanidwe ndi kupereka ana awo ku seminale, imazilala pang'onopang'ono.

Komabe amene amadandaula ndi lamuloli ali ndi mfundo yofunika kuimva. Katekisiti amene waphunzitsa ana, wakonzekeretsa maukwati, wayendera odwala ndi kuika maliro kwa zaka zambiri, nthawi zina popanda malipiro okwanira, angamve ngati akukankhidwira pakhonde m'nyumba imene waisamala yekha. Mpingo weniweniwo udazindikira ulemu wa ntchito imeneyi pamene Papa Francis, mu 2021, adakhazikitsa ukatekisiti kukhala utumiki wovomerezeka kudzera m'kalata yotchedwa Antiquum Ministerium, ndiponso m'chaka chomwecho adalola kuti amayi azikhazikitsidwa pa utumiki wowerenga Mawu ndi wotumikira ku guwa. Koma maudindo ameneŵa amachokera mu ubatizo, ndipo ulemu wake sufunika kubwereka mpando wa wina. Chimene katekisiti ayenera kupatsidwa ndi mpando wakewake, wolimba ndi waulemu, woikidwa pamene anthu onse angamuone ndi kumumva, ndipo nthambi imene imasiya mpando wa wansembe uli wovekedwa nsalu pamene wotsogolera wakhala pa chitini kapena pa benchi lothyoka yasunga theka la lamulo n'kuphwanya theka linalo. Ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame: ansembe ndi makomiti a parishi ndiwo ayenera kuyamba kuona kumene otumikira awo akukhala.

Chodetsa nkhawa china n'chakuti malo amene amamanidwa otumikira amaperekedwa mosavuta kwa anthu opanda ntchito iliyonse pa mwambowo. Pa zikondwerero ndi pa masiku osonkhetsa ndalama, mipando yabwino imaikidwa pafupi ndi guwa kuti pakhale olemera ndi andale, ana otumikira n'kukhala pansi kuseri kwa nsanamira kumene sangaone wansembe akamawakodola. Ndime 32 ya Sacrosanctum Concilium imaletsa kupatula anthu kapena magulu pa mwambo, kupatulapo kusiyana kochokera ku utumiki ndi ku Ukulu ndiponso ulemu umene malamulo a chipembedzo amalola kupereka kwa olamula dziko, ndipo kalata ya Yakobo, m'mutu wachiwiri, idadzudzula kale msonkhano umene umakhazika wovala bwino pamalo abwino n'kuimiritsa wosauka. Mlendo wolemekezeka angapatsidwe benchi loyamba pakati pa anthu popanda kumuchepetsa. Ndipo komiti imene ikumanga kapena kukonza tchalitchi ifunse bambo mfumu ndi ofesi ya za chipembedzo ya dayosizi maziko asanakumbidwe, kuti malo a otumikira, a kwaya ndi a wotsogolera mapemphero opanda wansembe alembedwe pa pulani pamodzi ndi guwa.