Tiuzeni zonse za mapilitsi a khansa ya m'mawere



Mayi anga, a zaka 58, amayanika usipa kuno ku Senga Bay. Chaka chatha anawachotsa bere lakumanzere atawapeza ndi khansa, kenako anawapatsa mapilitsi a tamoxifen oti azimwa limodzi patsiku kwa zaka 5. Pawindo lolandirira mankhwala anangowauza kuti "musamadumphitse". Basi.

Mu Juni, mwera utangoyamba, anatembenuka pamphasa m'bandakucha n'kukuwa kuti denga likuzungulira. Chizungulirecho sichinkakwana ngakhale mphindi imodzi, koma chinkabweranso akangowerama pathandala kapena kuyang'ana kumwamba. Ankati akumva ngati ali m'bwato pakati pa nyanja, chonsecho ali pakhonde.

Pachipatala chaching'ono anawayeza malungo, osawapeza. BP inali bwinobwino. Anabwerako ndi panado. Buku lawo la kuchipatala, momwe tamoxifen analembedwa, palibe amene analiwerenga masamba akumbuyo. Anthu m'mudzi anayamba manong'onong'o akuti alodzedwa, ndipo mayi anakayikira mapilitsi aja, n'kuwabisa kuseri kwa mtsuko masabata atatu osandiuza. Mtima umandiwawa ndikakumbukira zimenezi. Ntchito ya mankhwalawa ndi kutchinga homoni ya estrogen kuti isadyetse khansa yotsalira m'thupi, ndiye kuwasiya n'kudziitanira matendawo kachiwiri.

Tinakongola ndalama ya minibasi kupita ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, tsiku lathu lokaonana ndi dokotala lisanakwane. Dokotala amene tinamupeza anawagoneka chagada mutu utalendewera pang'ono, n'kumawayang'anitsitsa m'maso. Anatifotokozera kuti mkatikati mwa khutu muli timiyala ta kashiamu tochepa kuposa mchenga, tothandiza munthu kuyenda osadzandira. Tikachoka pamalo pake n'kulowa m'kanjira kolakwika, munthu amaona dziko likuzungulira. Anati vutoli limakonda amayi amene anasiya kusamba, ndipo mankhwala okhudza estrogen mwina angakolezere. Chizungulire, anatero, chilipo kale pa zovuta zodziwika za tamoxifen, pamodzi ndi kutentha thupi mwadzidzidzi. Atatero anawatembenuza mutu ndi thupi pang'onopang'ono, mbali iyi kenako iyo. Akuti njirayi imatchedwa Epley. Popanda jakisoni, popanda makina, mphindi 10 zosakwana. Patatha masiku awiri mayi anali pathandala.

Ndiye ndikufunsa akuluakulu a zaumoyo: chinthu chongofuna bedi ndi manja awiri n'chosatheka kuphunzitsa azachipatala a kuno kunyanja? Ndipo bwanji munthu woti amwa mankhwala zaka 5 asamalandire kapepala ka m'Chichewa konena zomwe angamve m'thupi? Ife tinamvera ku Lilongweko kuti mwendo ukatupa n'kumapweteka, kapena mayi wosiya kusamba akayamba kutaya magazi, ayenera kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Miyezi yonseyi mayi ankamwa osadziwa zimenezi.

Okutobala aliyense timaona malaya a pinki pa TV ndi uthenga wakuti amayi akayezetse. Ayi n'zabwino, mayi anga anayezetsa. Koma amene anayezetsa kale n'kubwerera kumudzi ndi kajumbo ka mapilitsi, lembaniponi ndithu nambala ya foni m'buku lawo, yoti aziimba denga likayamba kuzungulira.

Mwana wodandaula,
Senga Bay, Salima