Za tchalitchi chakale: sonkhani, koma funsani lisiti

Anzanga a pamsika, sabata ino tikambirane za maenvulopu aja akuyenda m'mabenchi mwathumu. Inu a kwathu ku Ntcheu amene mukugulitsa mu Limbe, ku Ndirande kapena pa Tsoka ku Lilongwe mukudziwa zomwe ndikunena. Mukapita kukaoda mbatatesi ku Tsangano kapena kabichi pa Lizulu, simubwerako chabe. Abale amakupatsirani envulopu, amvekere tikukonza tchalitchi chathu chakale, inu a m'tauni musatiiwale. Ena mumapereka, ena mumangoiponya pansi pa benchi.

Ine ndikuti perekani ndithu. Ntcheu si boma wamba pa nkhani ya mipingo. Ku Nzama ndi kumene ansembe atatu a chipani cha Montfort anafikira m'chaka cha 1901, m'dera la mfumu Njobvuyalema, ndipo kuchokera pamenepo Mpingo wa Katolika sunachokenso m'Malawi muno. Ku Gowa nako mishoni inayamba m'zaka za m'ma 1890. Dayosizi ya Dedza, imene Ntcheu ili pansi pake, ndiyo inatsogoleredwa ndi episkopi woyamba wachimalawi, Ambuye Cornelius Chitsulo. Boma la mbiri yotere silisowa nyumba zakale zopemphereramo, zina m'mamishoni, zina m'midzi.

Tsono chimachitika n'chiyani? Akhristu akachuluka timamanga tchalitchi chachikulu pambali, chakale chija n'kuchisiyira mileme ndi mbuzi. Malata adooka, chiswe chadya mitengo ya denga, mvula ikulowa mpaka makoma kuyamba ming'alu. Pamenepo ana a Tilitonse akuphunzirira pansi pa mtengo, amayi akusowa pochitira msonkhano, kwaya ikuyesera nyimbo pakhonde la abambo mfumu.

Munthu wa geni sangaone zimenezi n'kukhala chete. Nyumba yoti maziko alipo, makoma ali chiimire, ndi mpamba wogona umenewo. Ikonzeni ikhale holo ya parishi. M'kati mwa sabata ana a sukulu ya mkaka aphunziriremo, Loweruka a chinkhoswe ndi a ukwati achite lendi. Ndalama ya lendiyo ndi imene mawa idzagule utoto ndi magalasi popanda kukuvutitsaninso inu. Amishoni aja ankalandira thandizo kuchokera kwawo. Lero mpingo ndi wathu, ndipo kudontha kwa denga lake ndi kwathunso.

Koma apa pali mawu. Chimene chimatigwetsa mphwayi si umphawi ayi. Ndi komiti. Ndinaonapo pena pake, sinditchula malo, anthu atachita Pepa Sande kawiri konse, kwaya itavina mpaka fumbi koboo, mlendo wolemekezeka atalonjeza zakumwamba. Patapita zaka, chimene chinaoneka pamalopo ndi mulu wa mchenga womera udzu. Mukafunsa msungichuma, yankho lake n'lakuti ndalama zili ku banki. Zingati? Tidzakuuzani. Liti? Komiti ikadzakumana.

Ngakhale ndalamazo zikhaledi ku banki, osabedwa ngakhale tambala, kuzigoneka n'kuziwotcha. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Inu amene mumaoda katundu mukukumbukira mmene mitengo ya simenti, malata ndi misomali inalumphira. Komiti imene inkadikira kuti ndalama zikwane kaye inadzuka m'mawa n'kupeza kuti ndalama ya denga lonse yasanduka ya theka. Ndani wa ife amasunga mpamba pansi pa pilo miyezi isanu akudikira kuti uchuluke? Ukapeza, umaoda.

Choncho envulopu ikakupezani, musachite manyazi kufunsa zinthu zitatu izi.

Choyamba, mmisiri anayamba waiona nyumbayo? Pakhale pepala lonena kuti pakufunika malata angati, matumba a simenti angati, matabwa angati. Ndipo ayambe ndi denga mvula isanagwe. Utoto ndi maluwa zidikire.

Chachiwiri, ndalama ikugwiridwa ndi anthu angati? Asaine ndi anthu atatu, ndipo pakati pawo pakhale mayi mmodzi wodziwa kuyendetsa banki m'khonde. Amayi amenewa amawerenga ndalama pamaso pa gulu, sasowetsa ndi K50 yomwe. Mukamatumiza pa Mpamba kapena Airtel Money, nambala ikhale imene yalengezedwa m'tchalitchi, osati ya mlamu wake wa wapampando.

Chachitatu, malipoti tiziwaona kuti? Mwezi uliwonse amate pepala pachitseko: zalowa zakuti, tagula zakuti, malisiti ndi awa. Malonjezo a andale asawerengedwe ngati ndalama kufikira atafika m'manja. Ngongole ya pakamwa tonse timaidziwa mapeto ake.

Ngati mayankho sakukukhutiritsani, njira ina ilipo. Gwirizanani anthu khumi a mzere umodzi, mugule malata kapena thumba la simenti, mukapereke nokha pamaso pa mpingo, alembe m'buku. Lata silisungunuka kwacha ikagwa, ndipo n'lovuta kulibisa m'thumba la jekete.

Mwina wina anena kuti za Mulungu safunsa lisiti. Bodza limenelo. Mayi wogulitsa mandasi akapereka K1,000, wachotsa pa ndiwo za ana ake. Komiti yoona mtima ikondwera kumuonetsa kumene ndalama yake yapita. Imene ikwiye ndi funso, dziwani kuti pali chimene ikubisa.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. N'zoona, ndipo ife a pamsika tili okonzeka kusenza nawo. Koma atiuze kaye kuti dengalo ndi la malata angati.