Mtengo wa kamera pa intaneti usatithamangitse

Ambiri mwa ife tikufuna kamera. Ena tikufuna kumajambula maukwati ndi zinkhoswe pa holide kuti tipezeko fizi, ena tili m'makomiti amene anapatsidwa ndalama zosonkha kuti agule kamera yojambulira zochitika za pasukulu. Tikafufuza pa intaneti, kamera ya Canon kapena Nikon imene m'mawa inali pa mtengo wina, madzulo timaipeza itakwera, mawa lake n'kutsikanso.

Pa Amazon mitengo yambiri imasinthidwa ndi makompyuta, potengera mitengo ya ogulitsa ena, katundu amene watsala ndiponso kuchuluka kwa ogula. Nthawi zina zimasokonekeratu. Mu Julayi 2019, pa Prime Day, lenzi ya Canon ya madola pafupifupi 13,000 inagulitsidwa pa madola osafika 100. Mwayi wotere sugwa kawirikawiri. Zimene timaona tsiku ndi tsiku ndi mtengo wakale wokhwatchidwa, wotchi yowerenga maola otsala, ndi uthenga wakuti zangotsala ziwiri. Zonsezi cholinga chake n'chakuti tilipire tisanaganize.

Ife tikuti kutsika kwa mtengo lero si chifukwa chokwanira chogulira. Kwa wogula wa ku Malawi, chimene chimasuntha mtengo kwambiri ndi kwacha. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndipo dola imodzi inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Kamera ya madola 500 inachoka pa K590,000 kufika pa K850,000 wogulitsa asanasinthe kalikonse. Pamwamba pake pali ndalama zotumizira katundu ndi msonkho wa ku MRA. Madola 20 amene atichotsera amamira m'menemo.

Ena anganene kuti ndiye bwino kugula msanga, kwacha isanagwenso. Mfundoyi ndi yomveka, ndipo n'chifukwa chake kudikira kwathu kuyenera kukhala ndi malire. Tisanayambe kufufuza, tilembe mtundu wa kamera imene ikugwirizana ndi ntchito yathu komanso ndalama zonse zimene tingakwanitse, m'makwacha, kuphatikizapo batire yapadera, memori khadi, kutumiza ndi msonkho. Tikatero tione mbiri ya mtengo wake. CamelCamelCamel ndi Keepa amasonyeza mmene mtengo wa chinthu pa Amazon wakhala ukuyendera kwa miyezi yambiri, ndipo pamenepo m'pamene timadziwira ngati kutsikako kuli kwenikweni. Tikumbukirenso kuti mitengo imakonda kutsika pa Black Friday, kumapeto kwa Novembala, komanso kampani ikatulutsa kamera yatsopano, yakale ija nthawi zambiri imatchipa pamene zithunzi zake n'zabwinobe. Mtengo ukafika pamene tinalemba, tigule, ndipo tisabwererenso kukasuzumira ngati watsikanso.

Kwa a m'makomiti nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa ndalamazo ndi za anthu amene anazimana kuti asonkhe. Pokapereka lipoti, kunena kuti zinali zotchipa sikukwanira. Asonyeze mitengo ya ogulitsa atatu, tsiku limene anaiona, ndiponso mtengo wa dola tsiku limenelo. Wosonkha aliyense akaona mapepala amenewo adzadziwa kuti ndalama yake inagwiritsidwa ntchito mwanzeru.